M'bawa wa Apongozi

Lolemba

Ndabwerako ku Boma. Mutu wadzaza nzeru, m'chikwama muli tisheti yobiriwira ndi cholembera chomwe chasiya kale kulemba. Ndikulembera pensulo ya mwana wanga Tamanda.

Maphunziro anali okoma. Bungwe lina linatiitana ife alimi a m'madimba kuti litiphunzitse kusintha dziko ndi pakamwa. Eya, pakamwa pokha! Mayi wotiphunzitsa akuti mitengo siitha chifukwa cha nkhwangwa, imatha chifukwa anthu sakambirana. Tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kuposa onse.

Zomwe ndagwira:
- khalani pansi ndi munthuyo;
- mumuyang'ane m'maso;
- musamuloze chala;
- mvetserani kaye;
- yambani ndi a pakhomo panu.

Ndikutsika njinga yamoto pa Tsangano, mphepo mpaka m'mafupa. Sindikufikira kunyumba, ndikudzera kaye kudimba. Mbatatesi ili biriwiri. Kasupe akutuluka pansi pa m'bawa monga mwa masiku onse. Ndikukweza maso: pathunthu pasemedwa ndi chikwanje, chizindikiro cha ocheka matabwa.



M'bawa umenewu ndiye mwini kasupe. Anzathu a kumtunda anadula mitengo yawo, akasupe awo anaphwa, madimba awo chaka chino ndi fumbi lokhalokha. Lathu lokha ndiye lobiriwira. Mtengowu ukagwa madzi apita, mbatatesi yapita, ndipo ine kuno ndilibe china chondichititsa kuoneka ngati munthu.

Kunyumba Esinati, mkazi wanga, akusongola nyemba. Akuti amayi ake agwirizana ndi a Saidi akalipentala, adula Loweruka. Akunena ngati akunena kuti mchere watha.

Vuto nali. Mwini mtengo ndi apongozi. Chibwerereni kuno ku chikamwini kuchokera kwathu ku Sharpevale, sindinawayang'anepo kumaso. Kuno apongozi timathawana nawo. Moni timapatsana chapatali, ine nditanyonyomala, nkhope kumbali. Tikakumana panjira ndimapatuka. Tsiku lina ndinapatukira mu minga ya lunguzi, zipsera zilipo. Zidendene zawo ndimazidziwa, zitenje zawo zonse ndimazidziwa, koma atandifunsa apolisi kuti apongozi anu ali ndi mphuno yotani, ndikhoza kugona m'chitokosi.

Za apongozi mayi wa ku Boma uja sananenepo kanthu.

Zilibe kanthu. Yambani ndi a pakhomo panu. Mawa ndiyamba ndi Esinati, iye akafikitse kwa amayi ake. Pofika Loweruka a Saidi adzapeza anthu osinthika!

Lachiwiri

M'mawa. Ndavala tisheti. Ndaika mipando iwiri pakhonde moyang'anizana. Esinati akufunsa kuti kukubwera alendo ati. Ndikumuuza kuti akhale, mlendo ndi iyeyo.

Wakhala. Ndikumuyang'ana m'maso, osaphethira, monga anatiphunzitsira.

"Mukundiyang'ana chonchi bwanji? Mwachita chiyani ku Boma?"

Ndikuyankha mofatsa kuti ndikumumvetsera. Zaipiratu. Akufuna dzina la mkaziyo. Akununkhiza tisheti. Akuti chikwatiraneni sindinamuikirepo mpando, lero mpando wachokera kuti? Dzuwa lakwera ndikulumbira, phala lapserera.

Pomaliza tafika pa mtengo. Apa sakutsutsa. Ndikumufunsa kuti amayi ake akuufuna wa chiyani, akuti mwina denga la khitchini, sanena, ndipo iye si munthu wofunsa amayi ake mafunso. Ine sindikuvutika nazo. Ndikudziwa kale: a Saidi awanyengerera, basi. Dyera.

Ndamukonzera uthenga wabwino kwambiri. Muli mizu yosunga madzi, muli mthunzi, muli mvula yomwe ikubwera mosadziwika masiku ano, muli zidzukulu za zidzukulu. Ndamubwerezetsa. Akunyamuka, akudutsa pampanda, ine ndikusuzumira kuseri kwa khola la mbuzi.

Wagwada. Watsegula pakamwa. Watseka. Uthenga wonse uja watuluka chonchi: bambo a Tamanda akuti musadule mtengo.

Mizu yanga! Zidzukulu zanga!

Yankho silikufuna wonyamula, ladumpha lokha mpanda. Apongozi akuuza nkhuku zawo, koma mawu okwanira kufika kutchalitchi:

"Kodi mtengowo anakwera nawo minibasi pochokera ku Sharpevale?"

Nkhuku sizikuyankha. Esinati wabwera ndi mawu owonjezera, akuti mkamwini asamakule mwendo. Wandiuza akuyang'ana mwendo wanga weniweniwo.

Madzulo ndikuthirira. Ndikamiza keni m'kasupe maso akuthamangira m'mwamba, ngati mtengowo uthawa. Madzi ozizira, oyera, mpaka timiyala tapansi tikuoneka. Ndili ndi mantha, ndisabise.

Zomwe ndakwanitsa lero:
- mkazi wanga akundikayikira;
- apongozi adziwa kuti ndili ndi pakamwa;
- nkhuku zamva zonse.

Lachitatu

Njira ina. Ngati mwini mtengo sindingamuyang'ane, wodula ndingamuyang'ane.

A Saidi ali ndi shedi kuseri kwa msika, pafupi ndi pomwe malole amakwezera matumba a mbatatesi. Munthu waulemu, kofiya yoyera, utuchi mpaka m'nsidze. Andilandira ngati m'bale. Tiyi wa jinja, mandasi. Ndikhala, akhala. Maso ndi maso. Apa ndiye penipeni!

Ndayankhula. Abale, ndayankhula. Zonse zomwe Esinati anazitaya panjira dzulo ndazitola lero. A Saidi akungogwedeza mutu. Akuti zoona, mitengo yatha. Kale ankacheka pafupi pompano, pano amawoloka malire, nakonso akupeza zitsa zokhazokha. Akuti mtsinje womwe ankasambamo ali mwana pano ndi njira ya mbuzi. Akuti zimawapweteka mtima.

Misozi yalengeza m'maso mwanga. Njirayi imagwiradi ntchito!

Kenaka akuusa moyo.

"N'chifukwa chaketu, achimwene, m'bawa ngati umenewo simungaupezenso. Ndinali ndi mwayi."

Agwirizana zogawana matabwa pakati, theka la apongozi, theka lawo. Ndikuwapempha kuti akane. Akuti mawu anapatsana ndi mayi wamkulu, sangawabweze chifukwa cha mkamwini. Koma akuti eni ake akangonena kuti ayi, iwo sowo sanyamula. Nkhani yabwerera pomwe inachokera.

Nthawi yonseyi manja anga agwira chinthu. Poyamba paja anandipempha kuti ndiwagwirire kunsonga kuno pang'ono, ine pakamwa pali kalikiliki, iwo akupala ndi tupa. Ndazindikira titamaliza. Ndawathandiza kunola sowo! Akuyesa mano ndi chala, akuti ndili ndi dzanja labwino.

Potsanzikana awonjezera ziwiri. Choyamba, poti nkhaniyi yayamba kukhala ndi mawu, abwera Loweruka m'mamawa m'malo mwa masana, anthu asanadzuke ndi maganizo. Chachiwiri, dzenje. Pocheka matabwa chipika chimagona pamwamba pa dzenje, wina amakoka sowo ali pamwamba, wina ali pansi. Akuti apongozi anawauza kale kuti za dzenje asade nkhawa, ali ndi mkamwini.

Pobwerera ndikuganiza za a zankhalango. Ku Boma ndinamva kuti m'bawa sudulidwa chisawawa. Kungoimba foni, nkhani yatha. Ndatulutsa foni. Ndikuona m'maganizo apongozi atakhala kumbuyo kwa galimoto, mudzi wonse ukuonerera, ine ndili pamsewu wa ku Sharpevale ndi bulangeti kukhwapa, wopanda mkazi, wopanda dimba. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Foni yabwerera m'thumba.

Pafupi ndi tchalitchi, pomwe njira imachepa, chitenje chamaluwa achikasu chikubwera. Apongozi! Okha! Mwayi wake ndi uwu. Ndikudziuza kuti ima, apatse moni, yamba ndi mizu.

Miyendo sinapite nawo ku maphunziro. Ndapezeka m'munda wa kabichi wa eni ake, nditanyonyomala, ndikuomba m'manja choyang'ana kuphiri.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru. Mwambo umaletsa maso. Za foni makolo sananenepo.

Nambala ndaiba mufoni ya Esinati. Ndili kuseri kwa nkhokwe, pomwe netiweki imagwira. Ndaimba. Ndikuimva ikulira tsidya la mpanda, nyimbo ya kwaya.

"Halo? Ndani?"

Ndapezeka nditagwada, foni kukhutu, chipewa m'manja. Mawu akana kutuluka. Ndikungopuma. Ndadula. Akuimbanso! Foni ndaikwirira m'chimanga. Tsidya lija apongozi akuchenjeza bwalo lonse kuti akuba a pafoni aja afika m'mudzi muno, wina wangowapumira m'khutu.

Kwatsala mawa lokha. Usiku sindinagone bwino.

Ndapita kwa malume a Jailosi, mlongo wawo wa apongozi, omwenso ndi ankhoswe a mbali ya Esinati. Ndawapeza akukhoma ngolo. Ndawapatsa moni bwinobwino, kenaka ndawauza kuti ndili ndi nkhani, ndikupempha andikhazike pansi ndi apongozi.

Hamala yaikidwa pansi pang'onopang'ono.

"Zafika pamenepo?"

Ndikuti eya, ndipo n'zachangu. Agwira pakamwa. Ndikuyamba kufotokoza, akweza dzanja. Akuti nkhoswe samva nkhani yekha, ndiponso samvera chiimirire pambali pa ngolo. Zonse ndikanene mawa, ankhoswe anga atafika. Atulutsa foni, aimbira achimwene anga a Lufeyo ku Sharpevale ine ndili pomwepo.

Ndabwerera ndikuimba mluzu. Mwaona? Msonkhano wa onse okhudzidwa, monga ananenera mayi uja.

Mluzu wathera pakhomo. Esinati wabwera kuchokera kumjigo, ndowa yosadzaza, maso ofiira. Azimayi amupepesa kale. Wina wamuuza kuti alimbe mtima, amuna a kuchigwa ndi choncho.

Apa ndiye ndakumbukira chomwe ngakhale mwana amadziwa. Kuno mkamwini akapempha ankhoswe kuti amukhazike pansi ndi apongozi, nkhani imakhala imodzi yokha. Banja latha.

Kupusa kwanga!

Ndikumuuza Esinati kuti ndi za mtengo zomwe zija. Akuti anadziwa kuyambira tsiku la mipando, mtengo unali poyambira chabe. Ndikulumbira. Akuti ankhoswe akaitanidwa, mwamuna ndi mkazi sathetsanso nkhani paokha, ndikanene mawa pa anthu. Wanyamula Tamanda ndi bulangeti labwino lija, wapita kukagona kwa amayi ake.

Ndathamangiranso kwa a Jailosi. Andiona ndili patali, akweza dzanja lomwe lija.

Zomwe zatsala pakhomo:
- ine;
- mbatatesi yowiritsa, yopanda mchere chifukwa sindikudziwa komwe amasunga;
- bulangeti lobooka.

Koma mawa onse akhala pansi, apongozi ali pomwepo. Ndikangopatsidwa mpata, zonse ziwongoka. Madzulo ndayeserera mawu anga pamaso pa mbuzi. Yamvetsera mpaka kumapeto.

Lachisanu

Achimwene afika pa njinga yamoto, milomo yotuwa ndi mphepo, m'manja thumba lopanda kanthu lonyamulira zovala zanga. Moni palibe.

"Wachita chiyani iwe?"

Ndikutsegula pakamwa. Akuti nditseke, wondiyankhulira ndi iwowo, ndiyo ntchito yomwe asiyira nandolo wawo m'munda.

Takhala pansi pa mpichesi kuseri kwa nyumba ya a Jailosi. Amuna pamipando, akazi pamphasa. Apongozi ali uko pafupi ndi nkhokwe, atatembenukira kumbali. Ndikuona chitenje ndi chidendene chimodzi. Njira yodutsa apa siipita kumadzi, koma lero azimayi a ndowa akudutsapo ambirimbiri, ndipo akuyenda ngati miyendo ikuwapweteka.

Ndimaganiza kuti pamsonkhano munthu amayankhula. Ayi. Amayankhula ndi ankhoswe, mwini nkhani amayang'ana pansi.

Achimwene ayamba ndi kupepesa. Mlandu sakuudziwa, ndiye akupepesa pa zonse kuti pena pagwere. Anthu amva:
- kuti ndine waulesi chibadwire (bodza);
- kuti ndili mwana ndinagwa mumtengo wa bwemba ndipo mutu sunabwerere mwakale (kugwa ndinagwadi);
- kuti ife a kuchigwa kutentha kumatifulumizitsa pakamwa;
- kuti ngati pali mkazi wina ku Boma, akuchimuna sitikumudziwa ndipo sitimulandira.

A Jailosi sakufuna kutsalira. Nawo akupepesa m'malo mwa Esinati: kuti mchere amachulutsa, kuti amayankha, kuti anatengera amayi ake. Chidendene chija chasuntha.

Esinati akulira mwakachetechete, akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Apa kuseka kwandithera. Nkhani ikuyenda yokha ngati ngolo yotsetsereka, ayamba kale kufunsana za yemwe atsale ndi Tamanda. Banja langa likutha ine ndikuyang'ana nyerere. Sindinachitepo mantha otere.

Mwamwayi a Jailosi atembenuka, akuti mwini nkhani anene yekha chomwe akumusiyira mwana wawo. Ndaimirira. Akuti ndikhale. Ndakhala.

"Sindikumusiya, malume. Nkhani ndi ya mtengo."

"Mtengo uti?"

"M'bawa wa pakasupe."

Kuseka kwayambira kunjira, kwa a ndowa aja, kwalowa pamphasa, kwafika pamipando. A Jailosi akupukuta misozi ndi chipewa. Achimwene okha sakuseka. Akundiyang'ana m'maso, osaphethira, ngati nawonso anapita ku maphunziro.

Mpata wanga ndi uwu. Ndayamba, nkhope pansi. Ndafika pa mizu. A Jailosi adula, akuti za mitengo si za ankhoswe, mtengo uli ndi mwini wake, iwo anaitanidwira banja ndipo banja lilipo.

Apongozi ayankhula kamodzi kokha, kwa mlongo wawo:

"Achimwene, afunseni ngati ali ndi china."

Ndikukoka mpweya. Achimwene anga andiponda chala.

"Alibe."

Chigamulo: nkhuku imodzi, chifukwa chosonkhanitsa akuluakulu pa nkhani yopanda mutu. Ndipo kuti anthu aone kuti ndilibe mangawa ndi apongozi, dzenje ndikumbe lero lomwe. Onse aomba m'manja. A Jailosi akuti taonani, kukambirana n'kwabwino.

Nkhuku adya ankhoswe. Ine andipatsa khosi.

Masana onse ndili m'dzenje, pambali pa m'bawa. Dothi lonyowa, lozizira, lonunkhira bwino. Khasu likudula timizu toyera, tikutuluka madzi. Ndikukumba ndikupepesa chamumtima.

Dzuwa litapendeka Esinati wabwera ndi thobwa. Wakhala pamphepete pa dzenje, miyendo lende. Sanapepese, sindinapepese. Wayang'ana kasupe nthawi yaitali, kenaka akuti madziwa akaphwa mutu wosenza ndowa kuchokera kumjigo ndi wake. Bulangeti labwino labwerera kunyumba.

Loweruka

Kusanache bwino. Chifunga. A Saidi ndi anzawo awiri, nkhwangwa, chingwe, sowo yomwe ndinanola ndekha.

Azimayi amva. Akutunga mothamanga, ndowa, zigubu, mapoto, ngati mawa kulibe. Palibe akuseka lero. Dzulo onsewa amaseka, lero akuyang'ana m'mwamba n'kuyang'ana ine, ngati ndine ndinayenera kuchitapo kanthu. Nanga iwo pakamwa alibe?

Apongozi akhala pachulu chapatali, atafunda chitenje, msana kuno.

Andipatsa chingwe. Akuti ndikoke chakumadzulo kuti mtengo usagwere m'dimba. Ndagwira.

A Saidi asanayambe andiyang'ana ine, kenaka ayang'ana kuchulu. Akudikira mawu amodzi. Kuchokera apa kukafika pachulu si patali, mwana akhoza kuponya mwala. Ndikudziuza kuti pita, gwada, nena. Manja agwira chingwe, miyendo yamera mizu.

A Saidi atchula dzina la Mulungu. Nkhwangwa yoyamba.

Mbalame zabalalika. Zibanthu zofiira zikudumpha, zina zikugwera m'madzi. Go! Go! Go! Kugunda kulikonse ndikukumva m'mano. Ndikuganiza kuti ukadali wokhoza kupola, mtengo umapola. Kenaka ndikuona kuti ayi, apyola pakati.

Mmodzi wa anzawo a Saidi akupumira, akuwerenga mokweza zolembedwa pa tisheti pachifuwa panga: tikambirane, titeteze chilengedwe. Akufunsa ngati zimagulitsidwa. Ndaivula, ndaitembenuza, ndaivalanso.

Kulira kwa mtengo. Sindimadziwa kuti umalira motero, ngati chitseko chakale.

"Kokani!"

Ndakoka. Ndi mphamvu zanga zonse ndakoka.

Wagwa. Nthaka yagwedezeka mpaka m'mawondo. Thunthu lapita komwe timafuna, koma nthambi zakumtunda zakwapula mizere ya m'mphepete, mbatatesi yaphwanyika. Sindikudandaula nazo n'komwe. Ndikuyang'ana kumwamba. Pali chibowo chachikulu, dzuwa likulowa mpaka pansi pa kasupe. Akuoneka wamng'ono, kachithaphwi chabe.

Nditatembenuka, pachulu palibe munthu.

Tsiku lonse kusadza nthambi, kudula chipika, kuchigubuduzira padzenje. A Saidi akuti kucheka ayamba Lolemba. Andigwira paphewa.

Madzulo foni ikungolira. Pagulu lathu la maphunziro mayi uja akupempha nkhani za kupambana, ndi zithunzi. Anzanga akutumiza: uyu wakhala ndi anthu pansi pa mtengo, onse mano pamtunda. Uyo wasintha mpingo wonse. Wina akufunsa kuti nanga a ku Tsangano, oomba m'manja aja, zikuyenda?

Ndazimitsa foni. M'manja muli matuza a chingwe.

Lamulungu

Kutchalitchi ndinapita. Zomwe analalikira sindikuzidziwa.

Masana ndili kudimba. Mbatatesi siidziwa Lamulungu, ndipo dzuwa tsopano likuimenya kuyambira m'mawa. Ndikuchotsa masamba ndi zibanthu m'kasupe. Madzi afunda kale.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kuli munthu akuthyola mpiru. Pansi pa mpanda ndikuona chidendene. Ndaika keni pansi, ndanyonyomala, nkhope kuphiri, kudikira kuti adutse.

Sakudutsa.

"Bambo a Tamanda."

Sakuuza nkhuku. Sakuuza a Jailosi. Akuitana ine.

"Wawa."

"Sabata yonseyi mwayankhula ndi mwana wanga, ndi a Saidi, ndi achimwene anga. Ndamva kuti mpaka mbuzi. Mpanda uwu simunauone?"

Ndikuti ndimaopa mwambo. Akuti mwambo uti? Malemu amuna awo ankakambirana ndi apongozi awo zaka zonse, nkhani zikuluzikulu, za minda, za maukwati, wina uku wina uko, mpanda pakati. Ndikuti ku Boma anatiuza kuti kukambirana kwenikweni ndi kwa maso ndi maso.

"Maso ndi a chiyani? Makutu Mulungu anawaika m'mbali."

Funso lomwe sindinafunse sabata yonse latuluka lokha, laling'ono, lopanda mizu, lopanda zidzukulu. Ndafunsa kuti mtengowo amaufuna wa chiyani.

Mpiru wasiya kuthyoledwa.

Akuti amuna awo anamwalira nthawi ya dzinja, ine ndisanabwere, Esinati ali wamng'ono. Mvula, matope, mlatho utakokoloka. M'mudzi monse munalibe thabwa. Anthu anazula chitseko cha nyumba yawo n'kukhomera bokosi. Bambo wa pakhomo anapita m'chitseko chake chomwe, chibowo cha loko chikuonekera pambali, anthu akuloza ndi milomo. Iwo anagona miyezi ndi mphasa pakhomo, agalu akulowa. Analumbira kuti ana awo sadzazulanso chitseko chifukwa cha iwo.

Akuti chifuwa sichikuwasangalatsa chiyambire nyengo yozizira. Kuchipatala anapita okha, zomwe anamva kumeneko azisunga. Akufuna matabwa a bokosi lawo aume padenga mvula isanagwe.

Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndikungomvetsera.

"Mukuganiza kuti kasupeyu sindimudziwa? Ndamwa madzi amenewa inu musanabadwe. Koma ndinalibe mtengo wina. Bokosi silisankha, bambo. Akanapezeka munthu wondipatsa matabwa a paini, m'bawa ukanakhala."

Paini! Lachitatu lija tiyi ndinamwera nditakhalira mulu wa matabwa a paini. Matumba ochepa a mbatatesi akanasinthana nawo, a Saidi sakanakana. Ndinawakhalira, ndikulalikira za mizu.

Akuti Esinati ndisamuuze, amuuza okha nthawi yake. Akuti pogawana matabwa ndikhalepo, a Saidi ndi munthu wabwino koma ndi kalipentala, maso ake amathamangira owongoka. Akutsokomola. Chidendene chachoka.

Ndakhala pomwepo mpaka miyendo yachita dzanzi.

Kasupe lero akadatuluka. Za mwezi wa mawa sindikudziwa, ndipo palibe woti ndimuloze chala. Ndathirira mizere yotsala.

A Saidi atumiza uthenga kuti mnzawo wokoka sowo pansi wapweteka msana, akufunafuna wina. Pansi ndiye poipa, utuchi wonse umagwera m'maso. Ndawayankha kuti asavutike, ndilowa ine. Ndikufuna ndione ndekha kuti matabwa a apongozi atuluke owongoka.